Mphindi 10 zokha: momwe mungafotokozere kafukufuku wanu pa msonkhano wa ku yunivesite

Ndakhalapo m'zipinda zambiri za misonkhano ya kafukufuku, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mtima nthawi iliyonse ndikachiona. Wophunzira wa digiri yachiwiri, amene wakhala miyezi ingapo akupondaponda m'midzi, kufunsa anthu mafunso, kudikira mfumu pansi pa mtengo, kugona pamene kwamudera, amaimirira kutsogolo atapatsidwa mphindi 10. Amayamba ndi kulonjera akuluakulu onse mmodzimmodzi. Kenako mbiri ya vutolo kuchokera ku maofesi a mabungwe a dziko lonse ku Geneva mpaka kufika ku boma la kwawo. Kenako zolinga zisanu. Wapampando akamakweza kapepala kosonyeza kuti kwatsala mphindi imodzi, mwana uja amakhala asanafike n'komwe pa zimene anapeza. Amadumpha masilaidi mothamanga, n'kunena zikomo, n'kukakhala pansi thukuta lili kamukamu. Anthu amawomba m'manja mwaulemu, koma palibe amene wamva zimene anapeza.

Kafukufuku wake nthawi zambiri amakhala wabwino ndithu. Chimene chinasowa n'chakuti palibe amene anamukhazika pansi n'kumuuza kuti buku la digiri ndi nkhani ya pa msonkhano n'zosiyana. Bukulo mumalembera oyesa mayeso, amene amafuna kuona chilichonse chimene munachita. Anthu a pa msonkhano amafuna kudziwa ziwiri zokha: mwapeza chiyani, ndipo iwo atani nazo. Malangizo awa ndi a inu amene mukukonzekera kukaima kutsogolo koyamba.

Poyamba, sankhani bwalo

Yambirani pafupi. Musanayambe kulota za Cape Town kapena London, pemphani mpata pa semina ya dipatimenti yanu, pamene omvera ndi aphunzitsi anu ndi anzanu a m'kalasi. Mukapunthwa pamenepo, mwapunthwa pakhomo. Mukatero yang'anani misonkhano ya m'dziko momwemuno. Kuchokera mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa, tili ndi UNIMA ku Zomba, KUHeS ndi MUBAS, kuwonjezera pa LUANAR ku Bunda, Mzuzu University ndi MUST ku Thyolo. KUHeS imachititsa msonkhano wofalitsa zotsatira za kafukufuku chaka ndi chaka, mwambo umene unayamba ikadali College of Medicine, ndipo mayunivesite enawa nawonso amaitanitsa misonkhano yotere. Zilengezo zake zimaikidwa pa masamba awo a pa intaneti ndi pa Facebook, koma kunena zoona zambiri mudzazimvera kwa supavaiza wanu ndi m'magulu a WhatsApp a ophunzira. Muziwafunsa.

Samalani ndi misonkhano yabodza, chifukwa ilipo yambiri ndipo imadyera anthu ongoyamba kumene. Zizindikiro zake sizivuta. Imelo ikubwera yokutchulani pulofesa wolemekezeka pamene simunamalize n'komwe masters. Msonkhano womwewo ukukamba za ulimi, za mano, za makompyuta ndi za malamulo tsiku limodzi, mu hotela ina ku Dubai kapena ku Paris. Mukatumiza abstract, chimene ndi chidule cha kafukufuku wanu, akuyankhani mawa lake kuti yalandiridwa, ndipo chotsatira n'chakuti mulipire madola. Musalipire. Fufuzani kaye ngati kumbuyo kwa msonkhanowo kuli yunivesite kapena bungwe la akatswiri lodziwika, ndipo funsani aphunzitsi anu ngati alipo amene anapitako. Pali tsamba lotchedwa Think. Check. Attend. limene lili ndi mafunso oti mudzifunse musanatulutse ndalama. Safunsa anadya phula.

Konzani za chilolezo ndi za mayina musanalembe chilichonse

Ngati kafukufuku wanu anakhudza anthu, ayenera kuti anavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali. Pa zaumoyo pali NHSRC ndi COMREC, pa za chikhalidwe cha anthu pali NCRSH, ndipo mayunivesite angapo ali ndi makomiti awoawo, onse pansi pa National Commission for Science and Technology. Sungani nambala ya chilolezo chanu pafupi, chifukwa misonkhano yambiri imaifuna potumiza abstract, ndipo funso la chilolezo limatha kubwera pagulu.

Nkhani ya zithunzi ndiyo ambiri amalakwitsa. Mayi amene anavomera kuyankha mafunso anu sanavomere kuti nkhope yake ionekere pakhoma pamaso pa anthu 200. Malawi ndi dziko laling'ono: m'chipindamo mungathe kukhala munthu wa kwawo. Ngati simunapemphe chilolezo cha chithunzi, musachionetse, ndipo mukamatchula mawu a munthu, chotsani chilichonse chomuzindikiritsa. Kungonena kuti “namwino wamkulu wa pa chipatala chakuti” n'chimodzimodzi kutchula dzina lake.

Kenako khalani pansi ndi supavaiza wanu mugwirizane mayina amene alembedwe pa abstract ndi ndondomeko yake. Musatumize kanthu kokhala ndi dzina la munthu iye asanakawerenge. Mikangano yambiri ya pakati pa ofufuza imayambira pamenepa, ndipo imatenga zaka kuti ithe.

Pezani uthenga umodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho musathamangirepo.

Tsekani laputopu. Pezani munthu amene sanaphunzirepo za gawo lanu: mayi anu, m'bale wanu wochita geni mumsika, ngakhale mlonda wa pa hositelo. Muuzeni zimene mwapeza m'ziganizo ziwiri, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'chilankhulo chilichonse chimene mumakalipira nacho mukapsa mtima. Mudzadabwa mmene zimavutira. Chingerezi cha m'mabuku chili ndi mapanga ambiri obisalamo: munthu atha kulankhula mphindi zisanu za zinthu zogwirizana ndi zinthu zina popanda kunena kuti ndani akuchita chiyani. M'chilankhulo cha kwanu mulibe pobisala. Mayi anu adzangokufunsani kuti, “Ndiye mwapeza chiyani kwenikweni?” Ngati mukuchita chibwibwi, ndiye kuti inunso simunadziwe bwinobwino, ndipo kuli bwino mwazindikira panopa kusiyana n'kukazindikira pa maikolofoni.

Taonani chitsanzo cha kwathu konkuno. Ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre, ana oposa 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021. Ntchitoyo inali yaikulu, ya anthu ambiri, ya matebulo osawerengeka. Koma uthenga wake umakwana m'chiganizo chimodzi: jekeseni imodzi inachepetsa typhoid mwa ana ndi pafupifupi 80 peresenti. Chiganizo chimenecho nduna ikhoza kuchimva, namwino akhoza kuchimva, kholo likhoza kuchimva, ndipo mu 2023 katemerayu anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko lonse. Kafukufuku wanu ndi wamng'ono kuposa ameneyu, koma nayenso ayenera kukhala ndi chiganizo chake chotere.

Tiyerekeze kuti munafufuza chifukwa chimene amayi oyembekezera amachedwera kuyamba sikelo m'dera lina. M'buku lanu muli zifukwa 12. Pa msonkhano sankhani chimodzi kapena ziwiri zimene zinaonekera mwamphamvu, makamaka chimene anthu sankachiyembekezera. Mwina onse amaganiza kuti vuto ndi mtunda, koma inu munapeza kuti amayi ambiri amabisa pakati miyezi yoyambirira, ngakhale chipatala chili pafupi. Imeneyo ndiyo nkhani yanu. Zifukwa zina zija sizinatayike, zili m'buku, ndipo wofuna adzakufunsani.

Ndikudziwa kuti kusiya zinthu kumawawa. Tebulo lililonse munalikhetsera thukuta, ndipo mtima umafuna kuti anthu aone kuti munagwira ntchito. Koma munthu akasenza zonse za m'munda ulendo umodzi, amafika kunyumba dengu litang'ambika. Lembani chiganizo chanucho pakapepala, mukamate pamene mumagwirira ntchito. Chilichonse chimene mudzaike m'nkhani yanu chiyenera kuthandiza chiganizo chimenecho, ndipo chosathandiza chichoke.

Lembani abstract

Misonkhano yambiri imapempha mawu pakati pa 250 ndi 300, m'magawo anayi: chiyambi, njira, zotsatira ndi tanthauzo lake. Werengani malamulo a msonkhano umenewo ndipo muwatsate ndendende, chifukwa abstract yopitirira malire ena amangoitaya osaiwerenga. Chiyambi chikhale ziganizo ziwiri. Malo ambiri apite ku zotsatira, ndipo muikemo manambala enieni: munafunsa anthu angati, kuti, liti, ndipo munapeza chiyani. Musalembe kuti zotsatira zidzafotokozedwa pa msonkhano. Wosankha akaona mawu amenewo amadziwa kuti ntchito sinathe.

Tumizani kukadali masiku awiri kapena atatu. Tsiku lomaliza ndi limene netiweki imavuta ndipo bandulo imatha. Ngati mulibe nambala ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza aliyense pa intaneti, tsegulani lero lomwe: ndi yaulere, ili ndi manambala 16, ndipo imathandiza kuti ntchito zanu zisasokonezeke ndi za a Banda kapena a Phiri ena ambirimbiri amene nawonso akusindikiza. Pomwepo funsani ngati okonza msonkhano amathandiza ophunzira pa ndalama yolembetsera kapena ya ulendo. Ambiri sanena poyera, koma wopempha msanga nthawi zina amathandizidwa.

Masilaidi

Pa mphindi 10, masilaidi asapitirire 10, ndipo 8 ndi abwino koposa. Gawani nthawi motere: mphindi imodzi kapena iwiri ya vuto ndi funso lanu, mphindi ziwiri za njira, mphindi zinayi kapena zisanu za zotsatira, yotsalayo ya tanthauzo lake. Pofika pa mphindi yachinayi mukhale mutayamba kale kunena zimene munapeza.

Mutu wa silaidi iliyonse ukhale chiganizo chonena kanthu. M'malo molemba mawu amodzi oti zotsatira, lembani chimene girafu ikusonyeza, kuti munthu amene anali pa foni akadzutsa mutu adziwe pamene mwafika. Zilembo zikhale zazikulu moti wokhala mpando wakumbuyo awerenge; ngati mukuyamba kuchepetsa zilembo kuti zonse zikwane, ndiye kuti mawu achuluka. Tebulo lochokera m'buku lanu, la mizere 20 lija, musalikopere pa silaidi. Tengani mizere itatu yofunika mupange girafu yosavuta. Munthu akayamba kunena kuti “pepani, mwina kumbuyoko simukuona bwino,” ndiye kuti silaidiyo sinayenera kukhalapo.

Pa manambala, nthawi zonse nenani chiwerengero chonse. Kunena kuti 60 peresenti anavomera kumamveka kwakukulu, koma ngati munafunsa anthu 10, amenewo ndi anthu 6 okha, ndipo wina m'chipindamo adzafunsa. Nenani nokha iye asanafunse. Chimodzimodzi zofooka za kafukufuku wanu: tchulani ziwiri zenizeni mwachidule. Wofufuza amene amadziwa malire a ntchito yake anthu amamukhulupirira.

Ngati pa msonkhano pali alendo ochokera kunja, ikani mapu. Iwo sadziwa kuti Phalombe ili kuti, kapena kuti kuchoka ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi ulendo wotani nthawi ya mvula. Ndipo ngati mutu wa msonkhano ndi umodzi wa mitu ikuluikulu ya dziko lonse lapansi, monga kusintha kwa nyengo, musataye nthawi kuuza akatswiri kuti dziko likutentha, amadziwa kale. Chimene alibe ndi chimene inu muli nacho: zimene mabanja a ku Chilobwe anachita namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023, kapena kumene asodzi a ku Kachulu amalowera nyanja ya Chilwa ikaphwa. Yambirani pamenepo, kenako sonyezani mmene zikukhudzira funso lalikulu lija.

Mukamaliza, sungani masilaidi anu m'njira zitatu: pa flashi, pa imelo yanu, ndi kope la PDF, chifukwa kompyuta ya pa msonkhano imatha kusokoneza zilembo ndi zithunzi. Sindikizaninso kope limodzi papepala.

Yesezani mokweza mawu

Kuwerenga masilaidi chamumtima si kuyeseza. Imirirani, tcherani wotchi ya pa foni, lankhulani mokweza kuyambira poyamba mpaka pamapeto osaima. Ulendo woyamba mudzapitirira nthawi, mwina ndi mphindi zisanu. Mankhwala ake si kulankhula mothamanga, koma kuchotsa zina. Bwerezani mpaka muzimaliza pa mphindi 9, chifukwa tsiku lenilenilo pamakhala zochedwetsa. Dzijambuleni kamodzi pa foni mudzimvere nokha. Zimachititsa manyazi, koma mudzamva mawu amene mumabwerezabwereza ndi malo amene mumameza mawu.

Kenako itanani anzanu atatu kapena anayi, mmodzi akhale wa gawo lina. Mukamaliza musawafunse ngati zinali bwino, adzakuuzani kuti zinali bwino. Afunseni kuti aliyense anene zimene mwapeza. Ngati mayankho awo akusiyana ndi chiganizo chanu chija, bwererani ku masilaidi. Apempheninso akufunseni mafunso ovuta kwambiri amene angaganize.

Pali mpikisano wotchedwa Three Minute Thesis umene unayambira ku University of Queensland ku Australia mu 2008, pamene wophunzira amafotokoza kafukufuku wake wonse m'mphindi zitatu ndi silaidi imodzi yokha. Ngakhale musapikisane nawo, yesani njira imeneyi ndi anzanu. Mukakwanitsa mphindi zitatu, 10 zidzakuchulukirani.

Ziganizo zitatu zoyambirira muziloweze pamtima. Mantha amakhala aakulu pa mphindi yoyamba, ndipo pakamwa pakangoyamba kuyenda pokha, mtima umakhazikika. Za kalankhulidwe kanu ka Chingerezi musade nazo nkhawa, ndipo musayese kusintha lilime kuti mumveke ngati wa kunja. Lankhulani modekha, momveka, ndipo muzipuma pakutha pa chiganizo. Amene abwera kudzamva zotsatira sasamala kuti l ndi r mukuzitchula bwanji.

Tsiku lafika

Fikani msanga, mupite m'chipinda chimene mudzalankhulire nthawi yopuma isanathe. Perekani masilaidi kwa woyendetsa kompyuta, muwatsegule muone ngati akuoneka bwino pa projekita, ndipo yesani maikolofoni. Kadzidziwitseni kwa wapampando mwaulemu, muwauze katchulidwe ka dzina lanu, ndi kuwafunsa mmene azikudziwitsirani za nthawi.

Ulemu ndi wathu ndipo sitingautaye, koma pa mphindi 10 malonje akhale a mpweya umodzi: kuthokoza a wapampando, kulonjera onse pamodzi, n'kulowa m'nkhani. Akuluakulu analonjeredwa kale potsegulira msonkhano. Othandiza ndi ndalama ndi ena oyenera kuthokozedwa aikeni pa silaidi yomaliza.

Yang'anani anthu, osati khoma. Sankhani nkhope zitatu, kumanzere, pakati ndi kumanja, muzilankhula kwa iwo mosinthasintha. Mukafika pa girafu, nenani kaye zimene zili m'munsi ndi m'mbali mwake, kenako lozani pamene mukufuna kuti aone, ndipo khalani chete kamphindi kuti aone ndithu. Magetsi akazima kapena projekita ikakana, musaime kudikira jenereta. Tengani pepala lanu lija mupitirize. Ndinaonapo mtsikana wina akumaliza nkhani yake yonse mumdima, akujambula girafu ndi dzanja m'malere, ndipo pa tiyi anthu anamuunjirira kuposa wina aliyense tsiku limenelo, chifukwa uthenga wake anali nawo m'mutu.

Malizani ndi chiganizo chanu chija, chinenedwe momveka, ndi chimene mukuona kuti chichitike. Wapampando akati nthawi yatha, yatha. Kudya mphindi za mnzanu wobwera pambuyo ndi mwano umene anthu saiwala.

Nthawi ya mafunso

Apa ndi pamene ambiri amaopa, koma ndi pamenenso mumapindula kwambiri. Khalani ndi cholembera. Mvetserani funso mpaka lithe, osalidula. Libwerezeni mwachidule m'mawu anu, kuti akumbuyo amve, kuti mutsimikize kuti mwalimva bwino, komanso kuti mupeze kamphindi koganiza. Yankhani mwachidule n'kusiya. Ngati simunamve, pemphani abwereze, palibe chochititsa manyazi.

Mafunso amabwera mitundu ingapo. Pali funso loona, la munthu amene akufuna kudziwa: liyankheni mosangalala. Pali funso limene yankho lake simukulidziwa. Musapeke. Nenani kuti zimenezo simunaziyang'ane, kapena kuti data yanu singathe kuyankha funso limenelo, ndipo lembani. Akatswiri amazindikira msanga munthu akamaphika yankho, ndipo akatero amayamba kukayikira ngakhale zoona zimene ananena poyamba. Palinso mkulu amene amaimirira n'kukamba nkhani yakeyake mphindi zitatu popanda funso. Mumvereni, muthokoze, mutolepo mfundo imodzi yokhudza ntchito yanu, n'kupempha kuti mudzapitirize kucheza pa tiyi.

Ndiye pali funso lolasa, lonena kuti njira yanu inali yolakwika kapena anthu amene munafunsa anali ochepa. Mtima umagunda, makamaka ngati wofunsayo ndi pulofesa amene mabuku ake munawawerenga. Chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kusatsutsana ndi akulu pagulu, ndipo ophunzira ambiri amangogwada n'kuvomera zonse, ngakhale pamene anali olondola. Musatero. Ulemu ndi kugonja n'zosiyana. Ngati mfundo yawo ndi yoona, vomerani mosabisa, munene mmene ikukhudzira zotsatira zanu. Ngati muli ndi chifukwa chimene munachitira zimene munachita, chifotokozeni modekha: “Zikomo a Pulofesa, tinaganizirapo zimenezo, koma tinasankha njira iyi chifukwa chakuti...” M'midzi imene munafufuzamo munakhalamo ndinu, ndipo pa zimenezo palibe m'chipindamo wokuposani. Musayang'ane kwa supavaiza wanu kuti akuyankhireni.

Ngati mwapatsidwa posita

Posita ndi chipepala chachikulu chosonyeza kafukufuku wanu, chimene mumapachika m'malo molankhula kutsogolo. Musaione ngati mphoto ya otsalira. Pa posita mumacheza ndi anthu mmodzimmodzi, nthawi yaitali kuposa wa pa maikolofoni. Funsani kukula kwake musanasindikize. Yodziwika kwambiri ndi A0, ya masentimita pafupifupi 84 ndi 119, ndipo funsaninso ngati ikhale yoimirira kapena yogona. Mutu ukhale uthenga wanu, woti munthu awerenge ali patali, mawu akhale ochepa. Konzani kankhani ka mphindi imodzi, ndipo nthawi ya maposita imani pambali pake, foni ili m'thumba.

Pa tiyi ndi pa nkhomaliro

Tinene chilungamo: misonkhano ndi maphunziro a masiku awiri kapena atatu kwathu kuno anthu ena amawaona ngati malo osainira alawansi, ndipo akangosaina amasowa. Ndalamayo munthu amaifuna, sindikutsutsa. Koma kwa inu amene mukufuna kupita patsogolo ndi maphunziro, chuma chenicheni cha msonkhano chili pa mzere wa tiyi.

Musanapite, werengani pulogalamu musankhe anthu atatu amene ntchito yawo ikukhudzana ndi yanu, ndipo werengani pepala limodzi la aliyense. Mukakumana nawo musayambe ndi kupempha sukulu kapena ntchito. Dzitchuleni, nenani chiganizo chanu chija, ndi kufunsa funso lenileni pa ntchito yawo. Ofufuza onse, ngakhale otchuka, amakondwa akapeza wachinyamata amene wawerengadi zimene analemba. Musamangokhala pa tebulo la anzanu a m'kalasi, amenewo mudzawapeza Lolemba.

Pamenepa ndi pamene mungamve za njira zopitira patsogolo kuchokera kwa anthu amene anadutsamo. Chevening imalipirira masters ya chaka chimodzi ku Britain ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Commonwealth imalipirira masters ndi PhD. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi kwina. DAAD ndi bungwe la ku Germany lolipirira maphunziro, RUFORUM imene likulu lake lili ku Kampala imagwira ntchito ndi mayunivesite a za ulimi, ndipo CARTA imathandiza aphunzitsi a m'mayunivesite a mu Africa kuchita PhD pa zaumoyo wa anthu. Malamulo ndi masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka, choncho muziona pa masamba awo. Koma zimene tsamba silingakuuzeni, monga mmene analembera kalata yawo, mafunso amene anafunsidwa, kapena mmene anapezera supavaiza wa kunja, adzakuuzani ndi munthu amene mwaima naye pa mzere mutanyamula kapu.

Pasanathe masiku atatu mutabwerako, lemberani imelo yaifupi aliyense amene munacheza naye. Akumbutseni pamene munakumana ndi zimene munakambirana, ndipo ngati munalonjeza kutumiza kanthu, tumizani. Pakadutsa mwezi amakhala atakuiwalani.

Mukabwerako

Usiku womwewo, mutu ukadali wotentha, lembani mafunso onse amene munafunsidwa. Amenewo ndi mafunso omwewo amene oyesa mayeso ndi owunika mapepala a m'majenala adzafunse, ndipo mwawalandira ulere. Ikani nkhaniyo pa CV yanu, ndi dzina la msonkhano, malo ndi chaka.

Kenako sandutsani nkhaniyo pepala losindikiza, musanazizire. Malawi Medical Journal, Journal of Humanities ya ku Zomba ndi majenala ambiri a mu Africa amapezeka pa African Journals Online, ndipo kuwerenga mapepala angapo a m'jenala imene mukufuna kudzakusonyezani kalembedwe kake. Funsani ku laibulale ya yunivesite yanu za Research4Life, imene imalola mabungwe a m'mayiko ngati lathu kuwerenga majenala ambiri odula popanda kulipira. Majenala abodza nawonso alipo, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndi za misonkhano ija.

Patsala omvera ena amene ofufuza ambiri timawaiwala, ndipo ndi amene ali ndi ufulu waukulu womva. Anthu a m'midzi ija anasiya makasu ndi ntchito zawo n'kukhala nanu pakhonde, ena anapereka magazi, ena anakuuzani zinsinsi za m'banja. Madandaulo awo ndi amodzimodzi kulikonse: amabwera ndi mapepala, amafunsa, amapita, sitiwaonanso. Ikani ulendo wobwerera m'bajeti kuyambira pachiyambi. Dzerani ku ofesi ya boma imene inakulolani kulowa m'deralo, muwasiyire tsamba limodzi la zotsatira. Kenako pemphani a mfumu akuitanireni anthu, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi amene anakuperekezani. Kumeneko kulibe projekita. Mudzaima pansi pa mtengo womwe uja munadikirapo, mudzanena chiganizo chanu m'chilankhulo chimene munayesezera kwa mayi anu, ndipo mukatha mupereke mpata wa mafunso. Tengani kope ndi cholembera, chifukwa gogo wina akhoza kukuuzani kuti chifukwa chenicheni si chimene munalemba, n'kukufotokozerani chimene chili.